Misomali Iwiri ya Atsibweni Mbewe

Sabata yatha kunakwana chaka chimwalirire a Laitoni Mbewe, amene aliyense wolankhula Chinyanja m'matauni a migodi kuno ankawatcha Atsibweni. Abwana a pa wailesi pathu anandipatsa mphindi zisanu zoti ndiwakumbukire, pakati pa malonda a matayala ndi malonda a mankhwala a nsikidzi. Ndinalowa mu situdiyo, ndinayang'ana khoma, ndinatuluka osatsegula pakamwa. Munthu amene anatha zaka zoposa makumi awiri akulimbirana mphindi sangakwane m'mphindi zisanu, ndipo akanakhala moyo bwenzi atandikalipira pagulu chifukwa chovomera. Ndiye ndalemba pano, pamene palibe wotchi yondiyang'ana.

Sankakhala pansi. Mu situdiyo munali mpando wofewa ndithu, koma iwo ankaukankhira pakona ndi phazi n'kuikapo jekete. Ankaulutsa mawu chiimire, mahedifoni ali kumakutu, akuyenda mapazi atatu kupita kukhoma, atatu kubwerera, mpaka pomwe chingwe chinkathera. Akafuna kuyankhula ankawerama pa maikolofoni ngati munthu womwa madzi pampopi, akatha n'kuyambanso ulendo. Ife oonera pagalasi tinkachita chizungulire. Nditawafunsa anandiuza kuti mpando anaukhalira zaka zokwanira ali kalaliki wa kumgodi, akulemba manambala a anthu otsika pansi ndi otuluka, ndipo tsiku limene anawachotsa ntchito mpandowo sunawalirire.

Wailesi yathu inabadwa nthawi yomweyo imene migodi inkagulitsidwa, amuna akungoyendayenda m'misewu ya Kitwe ndi makalata owachotsa ntchito m'thumba. Anaiyambitsa ndi munthu wogulitsa mapaipi ndi mabawuti, pamwamba pa sitolo yake, ndipo mpaka lero dzina lenileni la wailesiyo anthu salitchula, amangoti Pamwamba. Chipinda choulutsira chinali chimodzi, chitseko chimodzi, makoma atamatidwa mathireyi a mazira kuti mawu asabwerere. Kukagwa mvula yamphamvu omvera ankaimva pamalata athu. Koma inatchuka msanga, ndipo anaitchukitsa ndi anthu. Panali Chomba, amene pa wailesi ankadziwika kuti Shi Mpundu, wa mawu ngati lole yokwera chitunda, amene nthabwala zake za Chibemba zinkamveka m'minibasi iliyonse kuyambira ku Chingola mpaka ku Ndola. Panali Bana Kasuba, amene Lachitatu lililonse ankakonza mabanja a eni pamene awo atatu anatha. Panadutsanso mnyamata wina wa Chingelezi cha m'mphuno, amene atsikana anamupengera miyezi ingapo mpaka anasowa ndi katoni ya makaseti athu. Ine ndinalowa ngati wolandira alendo ndi mauthenga pakauntala, kenako ndinayamba kuwerenga nkhani.

A Mbewe sanabwere kudzafuna ntchito. Anakwera masitepe athu kudzapereka uthenga wa maliro a mkulu wa mpingo wa kutchalitchi kwawo, mawa lake anabweranso kudzatikalipira kuti tauwerenga ngati mtengo wa simenti. Mwini wailesi, atatopa nawo, anangoti ngati akudziwa awerenge okha. Anawerenga. Anatchula dzina la womwalirayo, mfunda wake, mudzi wa kwawo ku Dedza, mfumu yake, chaka chimene bambo ake anabwera wapansi kudzafuna ntchito ya kumgodi, ndi nyumba imene anthu akasonkhane. Sabata isanathe makalata anadzaza katoni. Umu ndi mmene anapezera ola lawo, kuyambira wani koloko masana mpaka thuu, tsiku lililonse.

Amene sanakhaleko kuno sangamvetse kuti ola limenelo linali chiyani. Ife ana a anthu ochokera ku Malawi ndi kuchigawo cha Kum'mawa kwa dziko lino timasiya Chinyanja pakhomo ngati nsapato zamatope. Kumsika, m'basi, kuntchito, ngakhale pokangana ndi mnansi, timayankhula Chibemba. Koma ikakwana wani koloko Chinyanja chinkatulukira pamazenera, ku Ipusukilo, ku Chimwemwe, ku Mushili, m'magalaja a ku Heavy Industrial. Unkadabwa kupeza makaniki amene wakhala ukuyankhula naye Chibemba zaka zisanu wagwira sipanala m'malere, akumvetsera moni wochokera ku Katete.

Ndisanamize, anali munthu wovuta. Dzina langa la Esita sanalitchulepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndinali Nabanda basi, ndipo ankanditchula choncho ngakhale pamaso pa alendo a masuti. Sanandiyamikirepo. Ndikatuluka mu situdiyo ndinkawapeza pakhomo ndi kapepala ka zolakwa zanga: apa wathamanga, apa wameza dzina la munthu, apa waseka pomwe sipoyenera. Tsiku lina ndinakalira kubafa, ndipo nditatuluka anandifunsa ngati kulirako kwakonza dzina lija. Ndinadana nawo kwa chaka chathunthu, ndikunena zoona.

Ndi Chomba ndiye anali mphaka ndi galu. Pulogalamu ya masana ya Chomba inkayamba thuu koloko, ndipo Atsibweni sankatuluka pa nthawi yake. Mphindi ziwiri, zitatu, nthawi zina zisanu. Chomba ankagogoda pagalasi ndi wotchi yake. Iwo ankamuyang'ana, n'kuika nyimbo ina. Pa wailesi ankanyozana poyera, Chomba akuwatcha ba Nyasa odya mbewa, iwo akumutcha mdzukulu wa odya anyani, poti Abemba ndi anthu a Kum'mawa ndi achimbuya, amatukwanana mwaufulu ndipo amaikana m'manda. Omvera ankayesa ndi masewera chabe. Enafe tinkadziwa kuti pansi pa chimbuyacho panali mkwiyo weniweni, ndipo panali chaka china chimene anthu awiriwa sanapatsane moni kunja kwa situdiyo kuyambira Isitala mpaka mvula yoyamba.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi misomali. Kukhoma la kumanja kwa maikolofoni anakhomako misomali iwiri ya folo inchi. Uthenga wa maliro ukabwera pakauntala panga, ankatuluka okha kukaonana ndi woubweretsa, ndipo funso linali limodzi: kodi mayi ake amva, mkazi wake wamva, mwini mbumba wamva, ndipo amva kuchokera pakamwa pa munthu? Yankho likakhala inde, pepala linkapita pa msomali wakumanja ndipo linkawerengedwa tsiku lomwelo. Likakhala ayi, kapena munthu akayamba kukanda m'mutu, pepala linkapita pa msomali wakumanzere, ndipo linkakhala pamenepo mpaka wina atabwera kudzanena kuti uthenga wafika. Kaya mwalipira, kaya mwabwera pa galimoto, kaya ndinu khansala. Ankakonda kunena kuti wailesi ili ndi pakamwa koma ilibe manja, ikagwetsa munthu siingamuwakhe. Ankanenanso kuti imfa si nkhani, imasanduka nkhani eni ake akatha kulira kulira koyamba.

Misomaliyo anaikhoma m'miyezi yawo yoyamba. Anawerenga uthenga wina osafunsa kanthu, monga tinkachitira tonse. Mawa lake kunabwera mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, bondo lomangidwa nsanza. Anaima pakauntala panga n'kufunsa kuti amene anawerenga dzulo ndi ndani. Atsibweni atatuluka, mayiyo anangowayang'ana nthawi yaitali, anatembenuka, n'kutsika masitepe akutsimphina. Tinamva pambuyo pake kuti anali mkazi wa womwalirayo, ndipo imfayo anaimvera pa wailesi ali yekha, n'kugwa. Masana omwewo iwo anatsika kusitolo ya pansi kukabwereka nyundo.

Tsiku limene Atsibweni anamwalira ndinali nawo. Linali Lachinayi, cha m'ma naini m'mawa, m'chipatala kuno ku Kitwe. Pa wailesi anali atasiya zaka ziwiri m'mbuyomo, miyendo itayamba kutupa. Tinawauza kuti aziulutsa atakhala, anakana, anatenga jekete n'kumapita. Namwino atawaphimba, mwana wawo Yohane anandigwira dzanja n'kunena kuti azakhali sanamve. Ankanena a Nambewe, mlongo wamkulu wa Atsibweni, amene anawalera, wokalamba kwambiri, maso atafa, wokhala ku Mushili ku Ndola. Foni alibe, koma wailesi imene mlongo wawoyo anawagulira siichoka pamiyendo pawo kuyambira m'mawa, ndipo siichoka Pamwamba. Ndinati ndipita ndine. Ndinatuluka mothamanga, n'kukwera basi ya ku Ndola. Ulendo womwewu ndinali nditauyendapo kale.

Ulendo woyambawo unachitika wailesi ili ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mafoni a m'manja akadali a mabwana okha. Kunali mayi wina, a Zulu, Mkatolika wa ku Katete, wogulitsa kapenta pamsika wa Mushili. Lachisanu lililonse ankatumiza kalata ya moni kwa mwana wawo Gabiriele, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi kwa kontirakita wina ndipo ankakhala ku Ipusukilo ndi mkazi wake. Kalatayo mawu ake sankasintha: moni kwa Gabiriele, usaiwale Misa, uwauze apongozi ndawasungira kapenta wabwino. Atsibweni ankaiwerenga mwanthabwala, ndipo omvera onse ankamudziwa Gabiriele woiwala Misa. Ankadziwanso kuti mayiwo amamangirira wailesi yawo pamtengo wa thandala lawo ndi lamba wa tayala.

Lachisanu lina, cha m'ma hafu thwelofu, anakwera masitepe athu anthu awiri, amalume a mkazi wa Gabiriele ndi bambo wina wa taye wochokera kwa kontirakita uja. Mwala unali utamugwera Gabiriele m'mawa womwewo. Bambo wa tayeyo anafuna kuti uthenga uwerengedwe katatu, kuyambira mu ola la Chinyanja, kuti achibale asonkhane msanga maliro asachedwe. Kontirakita ameneyo ndi amene ankalengeza malonda ambiri pa wailesi pathu kuposa wina aliyense. Ndinalandira pepalalo n'kuliika pa tebulo, pomwe panali kale kalata ya a Zulu ya tsikulo.

Atsibweni anatuluka, anawerenga, n'kufunsa funso lawo.

"Mayi ake amva?"

"Awe mukwai," anayankha amalume aja. "Bazamvela pa wailesi. Si ndiye chamene tabwelela kuno?"

Pepala linapita pa msomali wakumanzere. Bambo wa taye anapita molunjika kwa a Kapembwa, amene anali manijala wathu nthawi imeneyo, ndipo a Kapembwa anabwera thukuta lili kamukamu.

"Ba Mbewe, iyi ni bizinesi, si chalichi. Aba bantu ndiye batidyesa. Belengani pepa pa satini awazi, ngati simufuna azabelenga Chomba pa fotini."

Atsibweni anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndipite ku Mushili, ndisafikire kwa mayiwo, ndiyambe ndafunafuna amayi a mphakati wawo, awachotse pamsika, awakhazike pansi m'nyumba, ndipo zikatheka ndiimbe foni ya mu situdiyo. Ndinawauza kuti wani koloko yatsala pang'ono, ku Ndola n'kutali, sindingafike. Anandiyankha kuti ndisiye kuwerenga wotchi, ndiwerenge masitepe. Atatero anachotsa pepala lija pamsomali, analipinda, analiika m'thumba la shati, analowa mu situdiyo n'kukhoma chitseko ndi kiyi.

Basi siidziwa maliro. Inaima pasiteshoni mpaka inadzaza, wani koloko itadutsa kale. Dalaivala anafuna kusintha wailesi poti Chinyanja sachimva, ndinamupempha mpaka anthu anandiyang'ana ngati wamisala. Choncho ndinamva zonse ndili m'njira. Anawerenga moni wa anthu ena onse, pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Atafika pa kalata ya a Zulu sanaiwerenge, komanso sananame. Anangoti: "Mayi Zulu a ku Mushili, kalata yanu ndailandira, ili m'manja mwangamu. Kukubwera mlendo wochokera kuno kudzakuonani. Mumulandire." Kenako anaika nyimbo ya kwaya.

Thuu koloko inakwana tili pa mphambano ya ku Luanshya, apolisi akuzungulira basi yathu ngati akuigula. Pulogalamu ya Shi Mpundu sinayambe. Anthu m'basimo anayamba kudandaula kuti mdala uyu lero wadya chiyani. Atsibweni anayamba kutchula midzi yonse ya m'mbali mwa msewu kuchokera ku Chipata mpaka ku Dedza, umodziumodzi, ndi mitsinje yake. Anafotokoza kafutsidwe ka masamba a maungu. Anabwereza kaseti ya kwaya ija katatu. Ndipo kuseri kwa mawu awo, amene anali ndi khutu ankamva kugunda, du, du, du, a Kapembwa akumenya chitseko. Ine ndinkaluma chala, ndikuona ngati basi ikubwerera m'mbuyo.

Zimene zinachitika pakhomo la situdiyo ndinazimva kwa Bana Kasuba. A Kapembwa anaitanitsa munthu wa kusitolo ya pansi kuti abwere ndi chitsulo athyole loko. Pamenepo Chomba, mwini wake wa mphindi zimene zinkadyedwazo, munthu amene ankachita ndewu chifukwa cha mphindi ziwiri, anakhala pansi n'kutsamira chitsekocho ndi msana wake waukulu uja.

"Lekeni, ba manija," anatero. "Aba ba Nyasa ni bambuya banga. Ngati ni kubapaya nizabapaya neka, pa taimu yanga. Manje sinichoka apa."

Ine ndinatsika m'tauni ya Ndola, ndinakwera basi ina ya ku Mushili, ndinafunsa nyumba ya mtsogoleri wa mphakati mpaka ndinaipeza. Amayi awiri anavala zitenje osandifunsa zambiri. Titafika pamsika tinawapeza a Zulu ataima, kapenta ataphimba kale ndi thumba, akuyang'ana njira. Mmodzi wa amayi aja anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi pamtengo paja. Anawagwira uku ndi uku mpaka kunyumba, anawayalira mphasa, anakhala nawo mothinana. Anayamba ndi kunena kuti mwana wavulala kwambiri. Anadikira. Kenako ananena zonse. Kulira kumene ndinamva tsiku limenelo sindikufuna kukulemba. Ndinatuluka, ndinapeza tebulo la foni yolipira pafupi ndi msika, ndinaimba. Inali twente pasiti firii. Atsibweni analandira foniyo nyimbo ikulira.

"Amva?"

"Amva, atsibweni."

"Ali ndi anthu?"

"Ali ndi anthu."

Anadula. Pa wailesi ya wogulitsa makala pafupi nane ndinamva nyimbo ikuzilala, ndipo anawerenga uthenga wa Gabiriele wonse, dzina, mfunda, mudzi, mfumu, nyumba ya maliro ku Ipusukilo. Anawerenga kamodzi. Atatha anapepesa omvera a Shi Mpundu m'Chibemba, chimene ankanamizira kuti sachidziwa, n'kutsegula chitseko.

Analipira mtengo wake. Kontirakita uja anachotsa malonda ake kwa miyezi ingapo, ndipo mwini wailesi anakwiya koopsa. Anawaimitsa mwezi wathunthu. Atabwerera anapeza ola lawo la tsiku ndi tsiku lapita, atawasiyira theka la ola Loweruka ndi Lamulungu basi. Anthu analemba makalata, azibusa anakwera masitepe kudzapempha, sizinathandize. Ola limene analimenyera nkhondo mphindi ndi mphindi silinabwerenso mpaka imfa yawo. Ndikanakonda kunena kuti sanadandaule, koma anadandaula zaka zonse zotsalazo, m'khonde, m'basi, pa maukwati a eni. Ndinawafunsapo ngati akanachitanso zomwezo. Anandiyang'ana ngati ndameza dzina la munthu, n'kundiuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, koma palibe lamulo loti ukamenyedwa uziseka.

A Zulu sanalembenso kalata ya moni. Patapita miyezi ingapo anakwera masitepe athu atavala zakuda, atanyamula kapenta m'pepala. Atsibweni anayamba kupepesa kuti mwina mawu aja a mlendo anawaopsa. Mayiwo anawadula.

"Pamene munakamba za mlendo, n'nadziwa. Mtima wa mayi sugona. Koma n'nagwela m'manja mwa anthu, a Mbewe, sin'nagwele pa kapenta wanga."

Kuyambira pamenepo anakhala ngati achibale. Maso a Nambewe atayamba kufa, ndi a Zulu amene ananena kuti pafupi ndi kwawo pali chipinda, abwere nawo aziwayang'anira.

Ndiye Lachinayi lija la chaka chatha ndinali m'basi kachiwiri, msewu womwewo, ndikupita ku Mushili komweko. Koma masiku ano imfa ili ndi miyendo kuposa basi. Wina m'chipatala muja anali atajambula kale bedi lophimbidwa n'kutumiza pa foni. Ndipo apa ndiyenera kuulula cholakwa changa. Ine ndi amene tsopano ndimayang'anira mapulogalamu Pamwamba. Ndikanangoimba foni imodzi ku situdiyo kuti pasatchulidwe kanthu mpaka nditanena. Ndinathamangira basi, ndinaiwala. Ine, Nabanda, amene ndinaphunzitsidwa ndi kapepala ka zolakwa zaka zonse zija.

Tikuwoloka mlatho wa Kafue nyimbo inaduka pa wailesi ya m'basi. Mnyamata wathu wa pulogalamu ya m'mawa, mwana wabwino ndithu, anaika nyimbo yachisoni n'kulengeza m'Chibemba ndi m'Chingelezi kuti chimphona chagwa, Atsibweni atisiya, ndipo Pamwamba ndi oyamba kukuuzani. Ndinakuwa m'basimo. Ndinamuimbira, ndinamutukwana mawu amene mayi wa mvano sayenera kuwadziwa, koma madzi anali atatayika kale. Ulendo wonse wotsalawo ndinkaona a Nambewe ali okha m'kachipinda kaja, wailesi pamiyendo, opanda wowagwira. Manyazi amene ndinali nawo anaposa chisoni.

Ndinafika ku Mushili dzuwa lili pamutu. Ndinkatchera khutu kuti ndimve kulira ndili patali, koma kunali zii. Nditakhota pa mpanda wa maluwa ndinapeza amayi oposa khumi atakhala pansi panja pa nyumba, ena misozi ikutsika, koma palibe wotulutsa mawu. Ana anali atawathamangitsira kutali. Pakhomo panali a Zulu, okalamba tsopano, tsitsi lonse loyera. M'nyumbamo ndinamva mawu a Nambewe akudandaula, ndi phokoso la chinthu chikugwedezedwa.

"Wailesi iyi yafa bwanji? Mabatire anagula Laitoni juzijuzi. Mayi Zulu, tabwerani muione!"

A Zulu anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo n'kundionetsa mabatire awiri. Mdzukulu wawo anali atawaonetsa chithunzi chija pa foni wailesi isanalengeze, ndipo iwo anathamanga ndi miyendo yawo yokalambayo, anapempha wailesiyo kuti aipukute fumbi, n'kuibweza yopanda kanthu m'mimba.

"Takusungilani," anandinong'oneza. "Tinadziwa kuti kuzabwela munthu. Lowani mukambe."

Ndinavula nsapato, ndinalowa. A Zulu anakhala mbali ina, ine mbali ina, amayi ena kumbuyo. Ndinachotsa wailesi ija pamiyendo pawo, ndinagwira manja awo onse awiri. Anandizindikira ndi mawu, anati Nabanda wa kwa Laitoni, n'chiyani chakuyendetsa dzuwa lino. Ndinayamba ndi kunena kuti atsibweni adwala kwambiri. Ndinadikira. Kenako ndinanena zonse, ndipo anagwera pa ife.

Pa maliro Chomba, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anachita chimbuya monga mwa mwambo. Anathira anamfedwa ufa kumutu, ananyoza bokosi kuti ndi lalitali kuposa mwini wake, anauza mtembo kuti wadya mphindi zake eyite za tsiku la Gabiriele lija ndipo azikazitenga kumwamba komweko. Anthu anaseka. Atafika pamanda anakana kupereka fosholo kwa anyamata, anakwirira mpaka anamugwira.

Situdiyo ija idakalipo, chipinda chomwecho pamwamba pa sitolo, ngakhale mathireyi a mazira anachotsedwa n'kuikapo siponji yakuda. Theka la ola la Chinyanja linapita kwa akampani ya juga ya mpira. Mauthenga a maliro tsopano amabwera pa foni, amaonekera pa kompyuta, ndipo mnyamata amawawerenga mphindi yomweyo asanameze malovu. Ndikakhalapo ndimafunsa funso lija, ndipo ana amapsinyana maso n'kumanditcha atsibweni aakazi. Koma sindikhalapo nthawi zonse.

Anthu akamalemba za womwalira amakonda kunena za mpando umene watsala wopanda munthu. Kwathu mpando uli ndi munthu tsiku lonse, umazungulira, uli ndi matayala. Chimene chatsala chopanda munthu ndi pansi. Kuchokera pa maikolofoni kukafika kukhoma pali kanjira pamene simenti inaperepeseka mpaka kuchita mbee, kotalika mapazi atatu, ndipo wokolopa amati madzi amakonda kuima pamenepo. Kumapeto kwa kanjirako, msomali wakumanja anauzula poika siponji, patsala kabowo. Wakumanzere unakanika kuzuka, anangoudulira siponjiyo mozungulira. Uli pomwepo, wadzimbiri, wopindikira m'mwamba pang'ono. Tsiku lija ndinalowa ndi mphindi zanga zisanu ndinaupeza anyamata atakolekapo chaja ya foni.